Zabuluu Zisiyeni

"Muno usakhulupirire munthu, ngakhale ineyo. Wina akati zakwana, iwe werenganso." Anandiuza mawu amenewa ndi Sisita Gumbo, m'Chishona chawo chothamanga, m'mawa umene anandichotsa kochapira n'kundilowetsa ku fiyeta, kochitira maopaleshoni. Iwo ankanena za thonje ndi timipeni, kuti tisadzatsekere kanthu m'mimba mwa munthu. Koma ine mawuwo ndinapita nawo kunyumba, kutchalitchi, pamjigo, mpaka kwa inu ana anga. Esnati amati ndine wovuta. Yohane amati ndimafunsa ngati wapolisi. Ndikulemba kuti mudziwe kumene zinachokera, komanso kuti mumve bwino za mkono wanga wamanjawu, poti nkhani yake mwakhala mukuimva zidutswazidutswa pafoni, aliyense n'kugwira yake. Inenso, kunena zoona, sindinaimvetse yonse.

Chakumapeto kwa ma 1980

Za ubwana wanga sindilemba. Zoti agogo anu anachoka ku Dedza n'kudzafera kuno ku Mabvuku munazimva kokwanira. Ndiyambira pa ntchito yoyamba, kochapira nsalu pa chipatala chachikulu cha m'tauni. Bambo anu anali kale ku fakitale ku Southerton, ndipo tinkakwera basi imodzi m'mawa, iwo n'kupitirira. Kochapirako kunali kotentha, kwa nthunzi, ndipo Amalawi tinalipo ambiri chifukwa ena ntchitoyo ankainyansidwa. Tsiku lina ndikukutumula nsalu zobiriwira za ku fiyeta munagwa kachitsulo kopanira mitsempha. Anzanga anati ndikapereke kwa kapitawo. Ine ndinaganiza kuti kapitawo akanena kuti watola ndi iye, choncho ndinakabisa m'thumba la epuloni n'kukwera nako ndekha. Sisita Gumbo anakayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kufunsa chifukwa chimene sindinatumire munthu. Ndinati sindimadziwa ngati kakanafika. Sabata yotsatira anandiitanitsa.

Ku fiyeta sindinali nesi, musadzanamize ana anu. Ndinkatsuka zitsulo, kuzilongedza, kuziphika mu mphika wa nthunzi, kukankha matirole, ndi kunyamula timabotolo ta zimene achotsa m'thupi kupita nato ku labu. Koma maso ndinali nawo, ndipo munthu wotsuka zitsulo anthu amayankhula pamaso pake ngati palibe munthu. Dokotala wamkulu wa maopaleshoni a mabere anali bambo wamtali, wosaseka. Ife Amalawi tinkamutcha Tsache. Dzinali linabwera chifukwa akachotsa bere la khansa sankalekera pomwepo. Ankalowa m'khwapa n'kusesa zonse zimene zinali m'menemo, mpaka mbale ya chitsulo kudzaza.

Apa ndifotokoze liwu limodzi, chifukwa adzukulu anga simulidziwa, ndipo linadzandivutitsa patsogolo. Mwana akavulala chala, bala n'kuyamba mafinya, m'khwapa mumatuluka kachotupa kowawa. Kameneko timati mwanabere. Anabere ali mwa munthu aliyense, m'khwapa, m'khosi, m'mphechepeche, kungoti saoneka mpaka atatupa. Amenewo ndi amene Tsache ankasesa, chifukwa khansa ikachoka m'bere imayamba yafikira kwa iwo. Ine ndinkaona kuti ndi ntchito yabwino, yaukhondo. Mkazi ankatuluka pa tirole ali moyo, ine n'kutsuka zitsulo, zikwane. Kumene ankapita ndi mkono wake sindinkakuona.

M'ma 1990

Ndinadzakuona atandisamutsira ku wodi ya amayi. Msana unali utayamba kuvuta, ndipo Sisita Gumbo anandipempherera malo kwa metironi. Kumeneko ndinkasambitsa odwala, kuyala mabedi, kutaya mapoto. Pamwamba pa bedi la mayi aliyense wochotsedwa bere tinkapachika kakatoni kolembedwa ndi inki yofiira, kuti mkono wa mbali imeneyo asaubaye singano, asaupime BP. Ankauzidwanso kuti asadzanyamule cholemera ndi mkono umenewo moyo wake wonse. Ndinkadabwa kuti amene analemba lamuloli amakhala kuti, kumene akazi sanyamula kanthu.

Amene sindiwaiwala ndi Mayi Phiri, a ku Chipata, amene ankakhala ku Epworth n'kumagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena. Tinazolowerana chifukwa cha chiyankhulo. Anatuluka m'wodi akuseka, bala litapola bwino. Patapita chaka ndi miyezi ndinawapeza pa benchi ya kuchipatala cha oyendera, atafunda nsalu thupi lonse kunja kukutentha. Atavundukula ndinakhala pansi. Mkono unali ngati ntchafu, kuyambira paphewa mpaka zala, khungu lolimba, lonyezimira. Bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi anali ataing'amba mkono umodzi n'kusokererapo chigamba.

"Amake Esnati," anatero, "inu mumakhala nawo madokotalawa. Linalakwa ndi bere, analichotsa. Nanga mkonowu unalakwanji?"

Ndinati sindikudziwa.

"Adona anandichotsa ntchito. Akuti sindifinya bwino zovala, ndiponso ana akuopa. Amuna anga akuti wina wandilodza. Inu mukuona bwanji?"

Ndinakafunsa Sisita Gumbo. Anati ndi madzi. M'thupi muli timitsempha tina, tosayenda magazi, tonyamula madzi oyera kuchoka kumkono kubwerera m'thupi, ndipo timadutsa m'khwapa momwemo. Tsache akamasesa amadula ndi timeneto. Kwa ena madziwo amapeza njira ina, kwa ena sapeza, amangodzazana. Ndinafunsa ngati Tsache akudziwa. Sisita anaseka. Anati akudziwa bwino, ndipo yankho lake ndi lakuti mkono wotupa uli pa munthu wamoyo. Ndinalephera kutsutsa, komanso ndinalephera kukawauza Mayi Phiri mawu amenewo. Ndinangowathandiza kukulunga bandeji. Anabwera kangapo, kamodzi mkonowo utafiira ndi kutentha thupi, kenako sanabwerenso. Si onse ankatupa. Koma amene ankatupa ndinkawazindikira ali patali, chifukwa cha kafundidwe ka nsalu.

2008

Chaka chimenechi, chimene chuma cha dziko lino chinagwa, nonse mukuchidziwa, sindichulukitsa. Magolovesi kunalibe, ulusi wosokera kunalibe, madzi m'mipopi ya chipatala ankatha, ndipo nthawi ina maopaleshoni anaima. Masiku ena ndinkayenda wapansi mtunda wautali ndisanapeze kombi. Amayi ankabwera ndi zotupa zazing'ono, n'kuuzidwa kuti abwere mwezi wamawa, n'kudzabweradi zitaphulika. Chimene ndinaphunzira chaka chimenecho ndi kamvekedwe ka mawu a munthu wovala zoyera akamati "zonse zili bwino, amayi" pamene kabati ili mbee. Inenso ndinawanenapo mawu amenewo. Patapita zaka zochepa ndinapuma ntchito, bambo anu atamwalira kale, ndipo ndinalumbira kuti pakhomo la chipatala ndidzalowanso atandinyamula.

Chaka chatha

Ndinayamba kumva mwanabere, osati bere. Ndikusamba madzi a m'ndowa, dzanja linagunda kanthu m'khwapa lamanja, kolimba ngati nzama, kosawawa. Ndinayang'ana zala zonse kufuna bala, osalipeza. Mwanabere wopanda bala komanso wosawawa ndinkadziwa tanthauzo lake. Nditafufuza bere ndinachipeza chotupacho, cha mbali ya kukhwapa. Ndinakhala milungu itatu osauza munthu. Ndinkapita kumjigo, umene inu mumati chibhorani, n'kumapopa ndi mkono womwewo, n'kumauyang'ana. Kuno ku Mabvuku mpopi wa m'nyumba ndi chokongoletsera chabe. Madzi onse amene ndimamwa, kuphikira ndi kuthira m'chimbudzi amabwera ndi mkono umenewu, ndipo ndimakhala ndekha. Imfa ndinkaiopa, inde, koma chimene chinkandiimirira m'maso ndi bulauzi ya Mayi Phiri.

Nditamuuza Esnati anatseka tebulo lake la tomato ku Epworth n'kubwera tsiku lomwelo. M'kombi ndinamupatsa malamulo. Asanene kuti ndinagwirapo ntchito m'chipatala. Anene kuti mayi ake ndi gogo wa ku Malawi, samva Chishona bwinobwino, Chingerezi ndiye ayi. Iye azimasulira.

"Mhamha, zimenezo n'zachiyani? Chishona mumatukwana nacho pamjigo tsiku lililonse."

"Ndikufuna ndimve zimene azinena akamaganiza kuti sindikumva."

Anapukusa mutu, koma anavomera. Nzeru imeneyi ndinkaiona yakuya kwambiri. Ndi imene inandisokoneza.

Dokotala anali mkazi, wamng'ono kwa Esnati, wovala nsapato zothamangira. Nkhope zonse pachipatalapo zinali zachilendo. Atafunsa chimene chabweretsa gogo, ndinayankha m'Chichewa kuti ndili ndi mwanabere. Esnati, amene anabadwira kuno ndipo Chichewa chake n'cha kukhitchini, anandiyang'ana, n'kumuuza dokotala m'Chishona kuti amayi akuti ali ndi mwana kubere. Dokotala anakweza maso, n'kuyang'ana imvi zanga, n'kufunsa mwaulemu kuti mwanayo ndi wa miyezi ingati. Ndinaluma lilime. Kuti ndikonze ndikanaulula kuti ndamva. Ndinangokweza mkono n'kuloza.

Anandipima, anatenga kanyama ka m'bere ndi ka m'khwapa ndi singano, ndipo titabwereranso anati ndi khansa, yafika kale kwa anabere. Za mankhwala a m'diripi amene ndinayamba nawo, ndi tsitsi, munaziona nokha. Ndikufuna ndifike pa tsiku limene anafotokoza za opaleshoni. Poganiza kuti akuyankhula ndi anthu osadziwa kanthu, anafupikitsa zonse ngati akuuza ana. Anafunsa kumene ndimakhala, Esnati n'kuti ku Mabvuku. Anati ndiye gogo akudziwa za mapaipi. M'khwapa muli mapaipi a bere ndi mapaipi a mkono, ndipo iye akufuna achotse za bere, za mkono asiye. Adzabaya utoto wabuluu pamkono, utotowo udzayenda m'mapaipi a mkono, ndipo zimene zidzasanduke buluu adzazilambalala. Zonsezi ndinazimva ndekha m'Chishona. Esnati potembenuza anangoti, "Akuti akubayani inki, zabuluu azisiya." Mafunso ndinali nawo ambiri, koma gogo wosamva Chishona safunsa za mitsempha.

Titatuluka, Esnati anapita kukafola pa mzere wa mankhwala, ine n'kukhala pa benchi. Pambali panga panali mayi wina wonenepa, akudya maputi, mbuliwuli za kuno. Atamva ndikudandaula ndekha m'Chichewa anatembenuka. Anati ndi Mayi Tembo, kwawo ku Katete, ndipo opaleshoni yawo inali itachitika miyezi ingapo m'mbuyomo, ndi dokotala yemweyo.

"Musaope, amayi, kamtsikanako kali ndi manja. Onani mkono wanga, mphete ikulowa. Anandibaya inki yabuluu, n'kuchotsa tiwiri tokha timene tinada buluu. Zina zonse anasiya."

"Mwati anachotsa zabuluu?"

"Eya. Zabuluuzo ndiye zoipazo."

"Ine wandiuza kuti zabuluu ndiye amasiya."

Anasiya kutafuna. "Ndiye simunamve bwino. Kapena mwana wanuyo. Ana a kuno Chinyanja chawo n'chopindika."

Sindikanawauza kuti ndinamva ndi makutu anga. Ndinakwera kombi ndikuziganizira. Dokotala mmodzi, utoto umodzi, khwapa ngati lomwelo. Kwa wina buluu ndi chochotsa, kwa ine buluu ndi chosiya. Sabata yonse ndinkazitembenuza. Mwina Mayi Tembo anali atagona ndi mankhwala, sakudziwa chimene anawachita. Koma mkono wawo ndinauona. Mwina dokotalayo analakwitsa poyankhula, ndipo ngati amalakwitsa poyankhula, ndi mpeni adzatani? Mwina anaona gogo wachimalawi wosamva chiyankhulo n'kuti apa ndiye poyesera zatsopano. Kapenanso anaona kuti ndine wokalamba, palibe chifukwa chotayira nthawi kusesa bwinobwino. Ndinafika poganiza kuti Mayi Tembo anawakhazika dala pa benchipo kuti azinyengerera anthu, koma ndiye akanagwirizana mawu.

Yohane anaimba kuchokera ku Joni. "Amayi, auzeni achotse zonse. Mkono ndi mkono, ife tikufuna inuyo."

"Madzi uzidzanditungira ndiwe?"

"Tidzalemba munthu."

"Munthu wake uti, woti azilowa m'nyumba mwanga?"

Anati ndayambapo. Esnati naye anati ndisankhe ndekha, chifukwa chilichonse chimene anganene ndidzati wagwirizana ndi dokotala. Sananame.

Chovuta chinali chakuti njira ya Tsache ndinkaidziwa. Ndinaitsukira zitsulo zaka zambiri. Ndinkadziwa chimene imapereka ndi chimene imalanda. Njira ya mtsikanayu sindinaionepo, ndipo anthu awiri anali atandiuza zosiyana. Pa tsiku losaina pepala ndinalowa ndisanasankhe. Dokotala anaika pepala patebulo, n'kuuza Esnati kuti awonetse gogo poika chala. Ndinayang'ana kabokosi ka inki yodindira, nako kabuluu. Pamenepo ndinatopa nako kubisala. Ndinakankha kabokosiko n'kuyankhula m'Chishona, chija cha ku fiyeta, kuti ndisanasaine andiuze ngati akuchotsa anabere onse mpaka pansi pa mtsempha waukulu wa m'khwapa, ndipo adzasiya kapaipi kotulutsa madzi pabala masiku angati.

Esnati anaphimba nkhope. Dokotala anaika cholembera pansi.

"Gogo, munagwira ntchito kuti?"

Ndinamuuza. Ndinatchula ndi zitsulo zimene adzagwiritse, mwa mayina ake.

"Ndiye nthawi yonseyi mwandisiya ndikulankhula za mapaipi?"

"Ndimafuna ndimve ngati mumanama."

"Mwapeza chiyani?"

"Ndapeza kuti wina akunama, inu kapena Mayi Tembo." Ndinafotokoza za pa benchi.

Sanaseke, ngakhale ndinaona kuti akufuna. Anati za wodwala wina sanganene, koma angandiuze za njira ziwiri. Anatenga pepala n'kujambula khwapa, ndi mizere iwiri yolowamo, wina wochokera kubere, wina wochokera kumkono. Anati utoto sudziwa khansa, umangotsata madzi a pamene waubaya. Mayi amene m'khwapa mwake simunamveke kanthu, utoto amaubaya pabere. Umayenda n'kukafika kwa mwanabere woyamba amene khansa ikanafikirako. Ameneyo amamuchotsa n'kukamupima, ndipo akapezeka woyera ena onse amawasiya, mkono n'kupulumuka. Pamenepo buluu ndi chochotsa. Koma ine khansa inali itapezeka kale m'khwapa, kotero anabere ambiri ayenera kuchoka ndithu. Chimene angachite ndi kubaya utoto mkati mwa mkono, kumtunda kuno, kuti timitsempha ta mkono tioneke, asatidule mosadziwa. Pamenepo buluu ndi chosiya.

"Funsani kuti anabaya pati," anatero. "Mukanawafunsa mayiwo akanakuuzani."

Mayi Tembo anandiuzadi, ndinakumbukira pambuyo pake. Pofotokoza anagwira pabere. Ine ndinali kuyang'ana mphete.

Koma mizere iwiri ija pa pepala inali itakumana. Ndinaika chala pamenepo. "Nanga njira ziwirizi zikalowa mwa mwanabere mmodzi?"

"Zimachitika."

"Ndiye wabuluuyo akhoza kukhala ndi khansa."

"Akhoza. Ndikamuona wabuluu koma wolimba, kapena wosaoneka bwino, ndimuchotsa. Sindisiya khansa chifukwa cha mkono."

"Mukatero mkono utupa."

"Mwina. Ngakhale ndisiye zonse zabuluu ukhoza kutupa, makamaka poti mudzawotchedwanso ndi makina pambuyo pake. Kuli zipatala zina kumene timitsempha todukato amatilumikiza ku mtsempha wa magazi, akuyang'anira pa makina okuza zinthu, kuti madzi apeze potulukira. Ife pano tilibe zimenezo. Ndili ndi utoto ndi maso."

"Ndiye simukundilonjeza kanthu."

"Ayi, gogo. Ndikulonjeza kuti ndidzakuuzani chimene ndachita."

Esnati anandigunda ndi bondo. Zaka zonse zija ndinamva madokotala ndi manesi akulonjeza, ndipo ndinkadziwa kumveka kwake. Uyu anakana kulonjeza. Sindinganene kuti ndinamukhulupirira. Ndinangosowa pomugwirira bodza. Ndinapempha cholembera, n'kusaina dzina langa lonse.

M'mawa wa opaleshoni mantha anabweranso. Ndinaganiza kuti tsiku limenelo mwina achita amayi atatu kapena anayi, ena obayidwa pabere, ine wobayidwa pamkono. Munthu atatopa, waona buluu, dzanja lazolowera kuchotsa. Ndinali nditatenga cholembera chakuda chimene Esnati amalembera pa makatoni. Ndili pabedi ndinalemba ndi dzanja lamanzere, kuyambira paphewa kutsika, zilembo zokhota ngati za mwana wa giredi wani: ZABULUU ZISIYENI. Ndinalemba m'Chichewa. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake, poti m'chipinda chonsecho wowerenga Chichewa ndinali ine ndekha, ndipo ine ndikanakhala nditagona. Nesi wokankha tirole anayesa kuwerenga n'kufunsa ngati ndi dzina la mwamuna wanga. Dokotala atabwera anaweramira, n'kutchula pang'onopang'ono, n'kumva liwu lomalizalo poti likufanana ndi la m'Chishona chawo.

"Ndamva, gogo. Koma mukudziwa kuti tifufuta ndi sipiriti."

"Ndikudziwa. Ndinkabweretsa sipiritiyo ndine."

Anaitana nesi wa zitsulo ndi wogoneka anthu kuti nawonso awerenge asanafufute. Kenako ndinatembenuza mutu kuyang'ana tirole ya zitsulo, n'kuyamba kuziwerenga. Ndinafika pa zisanu ndi zinayi.

Nditadzuka, mkodzo woyamba unatuluka wobiriwira ngati madzi a m'dziwe. Palibe anali atandichenjeza, kapena anachenjeza Esnati masiku a sewero langa lija. Ndinaitana nesi n'kumuuza kuti impso zafa. Anati ndi utoto ukutuluka, mawa zitha. Ndinasunga potoyo pansi pa bedi mpaka dokotala atabwera kuti aone yekha. Anaona, n'kukhala pamphepete pa bedi. Anati timitsempha tiwiri tabuluu anatipeza, tikudutsa pansi pa mtsempha waukulu, ndipo anatisiya. Panalinso mwanabere mmodzi wabuluu, wolimba pang'ono. Ameneyo anamuchotsa.

"Ndiye mwasiya kapena mwachotsa?"

"Zonse ziwiri."

Zotsatira za ku labu zitabwera anandiuza kuti mwa anabere amene anachotsa ena anali ndi khansa, koma wabuluu uja anali woyera. Ndinati ndiye munamuchotsa pachabe. Anati mwina, koma sakanadziwa ali m'kati. Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati ndithokoze kapena ndikwiye, ndipo mpaka pano ndimachita zonse ziwiri, masiku osiyana.

Lero

Papita miyezi ingapo chimalizireni kuwotchedwa. Pamkono pamene anabaya patsala kadontho kotuwa. Malamulo a pa kakatoni kofiira aja akuti asintha. Mtsikana wophunzitsa mafizo akuti mkono ndiziugwiritsa ntchito, ndizikwera nawo khoma ndi zala, ndizinyamula pang'onopang'ono, theka la ndowa kaye. Ine zaka zonse ndinkauza amayi kuti asanyamule kanthu. Kodi ndinkawanamiza, kapena akundinamiza ndi awa? Sindikudziwa. Ndimanyamula theka, kawiri. Ndimasamala mabala, ndimadzola mafuta kuti khungu lisang'ambike, ndipo makala ndimapana ndi chitsulo.

Dokotala anati kutupa kukhoza kubwera ngakhale patapita zaka, ndipo kukagwidwa msanga kumamvera bandeji ndi kusisita. Anati ndiziyeza mikono yonse iwiri pamalo amodzimodzi, zala zinayi pamwamba pa chigongono ndi zala zinayi pansi pake. Ndili ndi chingwe cha thonje chimene ndinamangapo mfundo tsiku loyamba. Vuto ndi lakuti mkono wamanja sungadziyeze wokha. Ndimagwira nsonga imodzi ndi mano, ina ndi dzanja lamanzere, ndipo Lolemba mfundo imakumana, Lachitatu yatsala pang'ono, Lachisanu yapitirira. Kaya ndi mkono, kaya ndi mano, kaya chingwecho chikutamuka. Masiku ena mkono umalemera madzulo, ndimati wayamba, m'mawa n'kupeza uli bwinobwino. Mayi wa nyumba yoyandikana nane anadzipereka kuti azindiyeza. Ameneyo anganene kuti zili bwino pofuna kundisangalatsa, ndipo pofika masana mzere wonse wa pamjigo udziwa kukula kwa mkono wanga.

Choncho ndikupempha inu. Esnati, ndikudziwa Loweruka ndi tsiku la malonda, bwera ngakhale Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Adzukulu akuluakulu, kombi ya ku Mabvuku mukuidziwa, musadikire kuti mumve kuti gogo agonekedwa. Yohane, ukabwera pa Khirisimasi usangoima pageti injini ikulira. Musavutike ndi kunyamula kanthu. Mugogode, mutchule dzina, chifukwa sinditsegulira munthu wongoti ndine. Mukalowa mundiyang'ane mikono yonse iwiri ndisanafunde nsalu, muone ngati zala zikufanana, kenako mutenge chingwe pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Chimene mwapeza mundiuze momwe chilili. Mukati zakwana ndidzayezanso ndi mano mukangotuluka, ndipo zimenezo musakhumudwe nazo. Koma bwerani mudzagwire nsonga inayo.